Nyumba ya Makomo Awiri ku Manja

Mvula ya chaka chimenecho isanathe n'komwe, khoma la kuchipinda kwa a Pearson linali litada bii kuyambira pansi mpaka cha m'chiuno mwa munthu. Mwana wawo Sellina ankalipukuta Loweruka lililonse ndi madzi a sopo, koma pofika Lachitatu nkhungu inkakhala itabwereranso. Penti inali itatupa matuzamatuza. Zovala zinkanunkha chinyezi, ndipo nsapato zawo zopitira kutchalitchi zinamera ubweya wobiriwira. Chodetsa nkhawa kwambiri chinali chifuwa. A Pearson, omwe anali ndi zaka 81, anali atatsokomola milungu isanu osaleka.

Nyumbayi inali yakale kuposa zonse zoizungulira m'dera la Manja. Anaimanga ndi a Zuze, bambo awo a a Pearson, omwe anachokera ku Mozambique wapansi kudzasaka ntchito ya umisiri. Anaimaliza mu 1954, dera lonselo likadali mudzi ndi minda ya chimanga. Inali ya makoma onenepa, denga lalitali, khonde lozungulira mbali zonse, ndiponso makomo awiri kumaso. Khomo lachiwirilo linali la kachipinda ka kumbali, momwe tsopano munkangosungidwa makasu, mipando yothyoka ndi njinga yakufa.

Sellina ndi mwamuna wake Roy anasamukira m'nyumbayi mayi ake a Sellina atamwalira, kuti azisamala bambowo. Sellina ankagwira ntchito yolandira alendo pa ofesi ina m'tauni, pomwe Roy anali kalaliki pa kampani ya malole ku Limbe. Anzake a Roy sankasiya kumuseka kuti ndi mkamwini wam'tauni, wogona m'nyumba yomwe sanaikepo ngakhale njerwa imodzi. Iye ankaseka nawo, koma zinkamupweteka. N'chifukwa chake zaka ziwiri m'mbuyomo anaganiza zoikonza nyumbayo kuti ioneke yamakono. Kunja konse anaika pulasitala wa simenti. M'kati anapaka penti ya mafuta yonyezimira. Timabowo tomwe tinali m'mwamba mwa makoma anatitseka, ati tinkalowetsa fumbi. Khonde la kuseri analimanga n'kukhala sitolo yosungiramo katundu, ndipo pabwalo anathira konkire mpaka kukagunda khoma. A Pearson anangoyankhula kamodzi, kuti mabowowo asiyidwe. Ataona kuti palibe akuwamvera, anangozisiya.

Tsopano Roy ankati zonse zaonekera poyera, nyumbayo yaola. Maganizo ake anali oti igwetsedwe, pamangidwe ina ya mabuloko, ndipo a Pearson akayambe akhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Naperi. Ananena zimenezi Lamulungu masana, onse atakhala pabalaza pochokera ku Misa. A Pearson anadikira kuti chifuwa chiwasiye, kenaka anayankha motsitsa mawu.

"Apongozi, ine muno ndidzatuluka ndili m'bokosi. Zikatero mudzagwetse."

Sellina anasowa kolowera. Mwamuna wake sankanena zoipa, pakuti amafuna kupulumutsa moyo wa apongozi ake. Koma ankadziwanso kuti kuwachotsa ababa m'nyumbamo kunali ngati kuwazula ndi mizu yomwe. Sabata yonseyo ankapita kuntchito maso ali gwa, ndipo kangapo konse anaiwala kupereka mauthenga a abwana ake.

Thandizo linabwera mosayembekezera. A Alefa, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ankayenda khomo ndi khomo kugawa mankhwala othira m'madzi akumwa. Ali pakhonde ndi Sellina, anamva kutsokomola m'nyumba ndipo anafunsa kuti kwatenga nthawi yaitali bwanji. Atamva kuti milungu isanu, anaika chikwama chawo pansi. Anati chifuwa chikapitirira milungu iwiri munthu ayenera kukayezetsa makhololo, chifukwa chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndipo sanafune kumva zoti adikire kaye mwezi uthe. Kenaka anapempha kuti aone kuchipindako. Atangolowa anagwira pamphuno.

Analangiza kuti bedi la a Pearson lisamutsidwire pabalaza tsiku lomwelo, mawindo azikhala otsekula masana onse, ndipo popukuta nkhunguyo Sellina azivala chophimba pakamwa ndi pamphuno. Anafotokoza kuti nkhungu siyambitsa chifuwa chachikulu, koma imavutitsa kupuma, makamaka kwa okalamba ndi ana. Sellina atawauza za maganizo ogwetsa nyumba, a Alefa anati iwo si mmisiri, koma akudziwa munthu woyenera kumufunsa. Anali a Habib, mmisiri wopuma ntchito, yemwe anakhala zaka zambiri akukonza nyumba zakale za ku Sunnyside.

Lolemba Sellina anapempha chilolezo kuntchito n'kupita ndi bambo ake kuchipatala. Zotsatira zinasonyeza kuti sichinali chifuwa chachikulu. A chipatala anawapatsa mankhwala, koma anawachenjeza kuti akapitiriza kugona m'chinyezi matendawo sadzatheratu.

A Habib anafika Loweruka m'mawa, atavala kachipewa koyera, m'manja muli kanyundo kakang'ono. Anaizungulira nyumbayo katatu, akugogoda khoma apa ndi apo, khutu atalitchera. Malo ambiri khomalo linkalira ngati ng'oma. Anapempha chilolezo kwa Roy, n'kugamula kachidutswa ka simenti kuseri. M'kati munaoneka njerwa zofiira, zonyowa ngati zangovuulidwa m'madzi, ndipo pakati pa njerwazo panali dothi, osati simenti.

Anawaitana onse kuti aone. Anafotokoza kuti kale anthu ankamangira njerwa zootcha ndi matope, kunja n'kumata mchenga wosakaniza ndi layimu. Khoma lotere limamwa chinyezi nthawi ya mvula, koma dzuwa likawala limachitulutsanso. Simenti ndi penti ya mafuta salola chinyezi kutuluka. Madzi ochokera pansi amangokwera m'njerwa, n'kusowa potulukira. Anawaonetsa miyala ya maziko yomwe a Zuze anaikweza mpaka m'mawondo kuti khoma litalikirane ndi nthaka yonyowa. Konkire ya pabwalo ija inali itaikwirira, ndipo madzi a padenga ankagwera pa konkirepo n'kuthamangira kukhoma. Za khonde anati silinali lokhalapo chabe, koma linali ambulera ya khoma. Timabowo ta m'mwamba tija tinali toyang'anizana, kuti mphepo yochokera kuphiri la Soche izilowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo.

Roy anamvetsera nkhope itagwa. Pomaliza anafunsa, mawu ali olimba pang'ono.

"Ndiye mukuti nyumbayi ndinaiononga ndine?"

"Achimwene, inu munachita zomwe aliyense amachita masiku ano," anayankha a Habib. "Ineyo ndili mnyamata ndinamata simenti nyumba yathunthu ku Sunnyside, ndikudzitama kuti ndagwira ntchito. Patatha zaka zitatu anandiitananso kuti ndikaichotse ndi manja anga omwewa. Nyumba yanuyi sinaole. Yangobanika."

Anakwera pamakwerero n'kubaya mitengo ya denga ndi msomali. Inali yolimba, yopanda chiswe. Makoma analibe mng'alu waukulu. Anati ntchitoyo ndi yotheka, koma idikire chilimwe. Anawonjezera kuti asanagwire chilichonse ajambule zithunzi za mbali zonse, afunse akuluakulu za mbiri ya nyumbayo, ndipo akadziwitse a boma oona za zinthu zakale, omwe angawapeze kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri. Asananyamuke analoza khomo lachiwiri lija n'kufunsa kuti linali la chiyani, popeza mmisiri samaika khomo popanda chifukwa. Sellina sanadziwe. A Pearson anangoyang'ana kumbali.

Nkhani ya boma inamuopsa Roy. Anali atamvapo kuti boma likadziwa kuti nyumba ndi yakale limailanda. Sellina anati ndi bwino kukamva okha kusiyana n'kudalira mphekesera za m'minibasi. Anapita ku Chichiri nthawi ya nkhomaliro, ndipo patatha milungu iwiri kunabwera mayi wina dzina lake Millicent, atanyamula tepi yoyezera ndi kamera. Anawatsimikizira kuti sanabwere kudzalanda nyumba ya munthu. Anati ntchito yake ndi kulemba mbiri ya nyumba zotere ndi kulangiza eni ake, chifukwa zambiri zikugwetsedwa popanda wojambulako ngakhale chithunzi. Anayeza makoma, anajambula zitseko ndi mahinjesi ake osula pamanja, ndipo anawapempha kuti asataye chitseko, windo kapena njerwa iliyonse yakale yomwe ingathe kugwiranso ntchito. M'kachipinda ka kumbali anaima nthawi yaitali pa windo lake. Linali lalikulu kuposa ena onse, thabwa lake la m'munsi lotambalala ngati tebulo ndiponso losalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anati apa payenera kuti pankagulitsidwa zinthu.

Mwezi wa Juni Roy anatenga tchuthi. Palibe anamuuza kuti atero. Anagula tchizulo ndi nyundo, n'kuyamba yekha kuchotsa simenti yomwe anaika ndi kunyada kuja. A Habib ankabwera m'mawa uliwonse kudzamuonetsa kagwiridwe kake, kuti asamenye mwamphamvu n'kuswa njerwa, ndiponso kuti amalize khoma limodzi asanayambe lina. Tsiku lachitatu manja a Roy anali matuza okhaokha. Sellina anamuuza kuti apume, apeze aganyu.

"Ayi, amake Ulemu," anatero Roy, akumutchula dzina la mwana wawo. "Ndinamata ndine. Ndichotsa ndine."

Anaswa konkire ya m'mbali mwa khoma, miyala ya maziko n'kuonekeranso. Anakumba ngalande yotengera madzi kumsewu. Anagumula sitolo ya kuseri ija, khonde n'kubwerera mwakale. Timabowo ta m'mwamba anatitsekula n'kuikamo waya wa sefa wotchinga udzudzu. Kenaka anasiya makomawo milungu isanu ndi umodzi kuti aume ndi mphepo ya chisanu.

Ntchito ya Sellina inali yopala penti m'kati. Loweruka lina masana, akupala m'kachipinda ka kumbali, anaona kuti pansi pa penti ndi njereza yakale pali chinthu chakuda. Poyamba anaganiza kuti ndi nkhungu. Koma chakudacho chinali chouma, chosalala, ndipo m'mphepete mwake munali mowongoka. Anapala pang'onopang'ono mpaka panaoneka bolodi lalikulu lopakidwa pakhoma. Pamwamba pake panali zilembo zisanu zolembedwa ndi penti yoyera: a, e, i, o, u.

Anakaitana bambo ake. A Pearson anali asanalowemo m'chipindamo chimwalirireni akazi awo. Anaima pakhomo atatsamira ndodo, akuyang'ana bolodilo. Kenaka anapempha mpando.

"Dzanja limenelo ndi la amayi ako," anatero.

Sellina ankawadziwa mayi ake, a Annette, ngati mayi wogulitsa nyemba mumsika wa Limbe, basi. Sankadziwa kuti anaphunzitsapo munthu. Tsiku limenelo a Pearson, omwe ankadziwika ndi kusayankhulayankhula, anafotokoza mpaka dzuwa kupendeka, ndipo Sellina ankalemba zonse m'kope.

Anati a Zuze anaika khomo lachiwiri kuti anthu akunja azilowa osasokoneza a m'nyumba. Poyamba chipindacho chinali sitolo. Mchere, sopo, palafini ndi singano zinkaperekedwa pa windo lalikulu lija, popeza nthawi imeneyo kukagula zinthu kunali kuyenda mtunda wautali. A Zuze atamwalira sitolo inatha. A Annette atakwatiwa n'kubwera pakhomopo, anaona kuti amayi ambiri a m'mudzimo sadziwa kulemba, pomwe iwo anali atafika Sitandade 8. Anapaka bolodilo okha, n'kuyamba sukulu ya kwacha masana a Lachiwiri ndi Lachisanu. Anaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi. A Pearson analozanso ngowe yachitsulo yomwe inali pa mtengo wa khonde. Anati pamenepo a chipatala ankapachika sikelo yoyezera ana kamodzi pamwezi, ndipo Sellina naye analendewerapo, akulira ngati akuphedwa. Kenaka kunabwera nkhondo ya ku Mozambique. Abale ndi anthu ena osadziwika n'komwe anafika opanda kanthu, ndipo m'kachipindamo munagona anthu khumi ndi anayi kwa zaka pafupifupi zitatu. Ndi nthawi imeneyo pomwe a Annette anapaka njereza pa bolodilo, ati m'chipinda muwale, alendo asamaone ngati awaika m'kalasi.

Sellina anafunsa chifukwa chomwe sanamuuzirepo zonsezi. Bambo akewo anati mayi ake sankaona ngati n'zodzitamandira, ndipo iwowo atatsala okha nkhanizo zinkawawawa kuzikamba. Anawonjezera kuti panalibenso yemwe anafunsa. Mawu amenewo anamulasa Sellina. Anali atakhala m'nyumbamo theka la moyo wake, akuliona khomo lachiwirilo tsiku ndi tsiku, osafunsapo ngakhale kamodzi.

Mbiri ya bolodi inafala. M'mawa mwake pochokera kutchalitchi kunabwera mayi Lines, okhala nyumba ya chitatu kuchokera pamenepo, omwe anali atayamba kuvutika kuyenda. Anafika pabolodipo n'kuloza pakona pomwe ankakhala, mwana ali kumbuyo. Anati ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu ndi pamenepo pomwe analemba dzina lawo koyamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanadindenso chala papepala lililonse. Anamugwira Sellina dzanja kwa nthawi yaitali. Masiku otsatira kunabweranso ena. Wina anati agogo ake anagona m'chipindamo pothawa nkhondo, ndipo anabweretsa chithunzi chakale chojambulidwa pakhonde lomwelo. Kope la Sellina linadzaza, anagula lina.

Mu Ogasiti makoma anali atauma. A Habib anaphunzitsa Roy kusakaniza layimu ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo anamata kunja konse. Pamwamba anapaka njereza katatu, kunja ndi m'kati. Bolodi lija analisiya momwe linalili. Millicent anabweranso kudzajambula, ndipo anatenga kope la mbiriyo kukachita fotokope kuti ikasungidwe ku ofesi kwawo.

Mvula inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo mu Januwale inagwa masiku asanu ndi atatu osalekeza. M'mawa uliwonse Roy, asanapite ku Limbe, ankalowa kuchipinda kwa apongozi ake n'kugwira khoma ndi chikhatho. Linali louma. Madzi ankatsetsereka m'ngalande kupita kumsewu. A Pearson anabwerera kuchipinda kwawo, chifuwa chitatheratu, ndipo a Alefa atadutsanso anawapeza akupalira maluwa kumaso kwa nyumba. Kachipinda ka kumbali kanayambanso kugwira ntchito. A limana, gulu la Akatolika a m'deralo, anapempha kuti azipempheramo Lachinayi, ndipo a Alefa anayamba kuchitiramo maphunziro a amayi oyembekezera.

Mvula itatha, Sellina anakonza tiyi ndi mandasi n'kuitana a Habib, a Alefa ndi mayi Lines kuti awathokoze. Ananena kuti pakanapanda iwo akanagwetsa nyumba yolimba, akanakwirira ntchito ya mayi ake osaidziwa, ndipo mwina akanawataya bambo ake ndi chisoni ku Naperi. A Pearson sananene zambiri. Anangoitana Roy kuti akhale pafupi nawo, n'kuuza alendowo kuti nyumbayi inamangidwa kawiri, koyamba ndi a Zuze, kachiwiri ndi mwana wawo uyu. Roy anawerama.

Patangotha sabata, mnzake wa Roy wa kuntchito, dzina lake Bennet, anabwera kudzaona. Kwawo ku Chiradzulu kunali nyumba ya agogo ake ya mtundu womwewo, ndipo abale anali atagwirizana zoimata simenti Pasaka ikadutsa. Roy anayenda naye kuzungulira nyumba yonse, akumuonetsa maziko, khonde ndi ngalande. Sanabise kuti iye ndi amene analakwitsa poyamba. Bennet atafunsa kuti ayambire pati, Roy anamuuza kuti asayambire ku sitolo ya simenti.

"Yambira kwa achikulire omwe atsala kwanuko," anatero. "Afunse kuti khomo ili linali la chiyani, bowo ili analiikiranji. Ulembe. Ukatero upeze mmisiri wodziwa nyumba zakale."

Bennet anatulutsa foni n'kuimbira mlongo wake pomwepo, kumuuza kuti aimitse kaye amisiri omwe anapangana nawo zodzamata simenti.

Nyumba yakale si bwinja. Amene anaimanga anali ndi chifukwa pa chilichonse chomwe anaika, ndipo m'makoma mwake muli mbiri ya banja ndi ya mudzi wonse. Musanaigwetse kapena kuisintha, funsani akuluakulu akadali moyo, jambulani zithunzi ndi kulemba zomwe mwamva. Funsani mmisiri wodziwa kamangidwe kakale, ndipo musaope kudziwitsa a boma oona za zinthu zakale. Khoma lomangira matope limafuna layimu ndi mpweya, osati simenti ndi penti ya mafuta. Ndipo ngati m'nyumba muli chinyezi, wina n'kutsokomola kupitirira milungu iwiri, pitani naye kuchipatala msanga. Banja la a Pearson linafunsa mochedwa, komabe linapeza woyankha akadalipo. Inu funsani lero.